Chipatala ndi chathu: ufulu ndi udindo wa odwala kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma

Pa njira zochokera ku zipatala zathu, kaya ndi ku Nsaru, ku Kabudula, ku Chitedze kapena ku Ukwe, pamamveka kawirikawiri mawu akuti: "Bola andipatsako panado." Wonena mawuwa amakhala atadzuka tambala woyamba, wapalasa njinga kapena walipira kabaza, wakhala pabenchi mpaka dzuwa lafika paliwombo, ndipo chimene akudwala sanauzidwe n'komwe. Komabe akubwerera kwawo akuthokoza. Kuthokoza ndi khalidwe labwino, tonse tinaleredwa nalo. Choipa n'chakuti ambiri tafika poona chithandizo cha kuchipatala ngati mphatso imene wina watikomera nayo mtima, ndipo munthu wolandira mphatso safunsa chifukwa chake yachepa.

Chipatala cha boma chimayenda ndi ndalama zanu. Mukagula shuga kapena mayunitsi a foni, mukakwera minibasi yopita m'tauni, msonkho mwapereka. Ndalama za mayiko ndi mabungwe akunja, zomwe kwa zaka zambiri zakhala zikuposa theka la ndalama zonse za zaumoyo m'dziko muno, nazonso zimabwera m'dzina lanu. Choncho mayi wa kwa Kalolo kapena bambo wa kwa Khongoni akalowa pachipata cha chipatala, salowa ngati wopempha. Ine ndimakhulupirira kuti zipatala zathu sizidzasintha chifukwa cha mapulani olembedwa ku Capital Hill okha. Zidzasintha anthu ozigwiritsa ntchito akadziwa choyenera kulandira, n'kumafunsa mwaulemu koma mosagonja pamene chasoweka.

Malamulo akuti chiyani

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, amakamba za umoyo m'malo angapo. Gawo 13 limauza boma kuti liziyesetsa kupereka chisamaliro cha zaumoyo chokwanira, chogwirizana ndi zosowa za Amalawi komanso ndi miyezo imene mayiko amatsata. Apa tisanamizane. Gawo limeneli lili m'gulu la mfundo zotsogolera boma, ndipo gawo 14 limangoti makhoti angathe kuziganizira poweruza milandu. Simungasumire boma lero chifukwa mudzi wanu uli kutali ndi chipatala n'kuyembekeza kuti woweruza alamula amisiri abwere mawa.

Koma mutu 4, umene uli ndi maufulu achibadwidwe, ndi wolimba ndipo munthu angapite nawo kukhoti. Gawo 16 limateteza moyo. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu, limaletsa kumuchitira nkhanza kapena zomunyazitsa, ndiponso limaletsa kumuyesera mankhwala kapena kumuchitira kafukufuku asanavomere. Gawo 20 limaletsa tsankho lotengera mtundu, chinenero, chipembedzo, ndale, ulumali, chuma kapena kuti uyu ndi mwamuna uyu ndi mkazi. Gawo 21 ndi la chinsinsi cha munthu. Gawo 30, la ufulu wa chitukuko, limatchula chithandizo cha zaumoyo mwachindunji pakati pa zinthu zimene anthu onse ayenera kukhala ndi mwayi wofanana wozipeza.

Izi si zongokongoletsa pepala. Mu 2009 apolisi ku Mwanza anagwira amayi ena n'kuwatengera kuchipatala kukawayeza HIV mokakamiza, zotsatira zake n'kukawerengedwa poyera m'khoti. Amayi 11 anasuma, ndipo mu 2015 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti zimene anachitiridwazo zinaphwanya ufulu wawo. Anali amayi amene anthu ambiri ankawanyoza chifukwa cha ntchito yawo, koma lamulo linaima nawo. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 linabwera n'kutsindika zomwezo: kuyezetsa magazi n'kodzifunira, zotsatira ndi chinsinsi cha mwini wake, ndipo kusala munthu chifukwa ali ndi kachilombo ndi mlandu.

Kuwonjezera apo, Unduna wa Zaumoyo uli ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa odwala ndi ogwira ntchito m'chipatala. M'zipatala zambiri chinamatidwa pakhoma. Mwina chinafwifwa ndi dzuwa, mwina munachidutsa osachiwerenga. Mukadzapitanso, chifunefuneni, ndipo ngati simutha kuwerenga pemphani mwana wasukulu akuwerengereni.

M'chipinda cha adokotala

Ufulu wambiri umatayika m'mphindi zochepa zimene wodwala amakhala m'chipinda cha adokotala. Munthu amalowa, sanakhale n'komwe pansi buku lalembedwa kale, n'kutuluka osadziwa chilichonse. Muli ndi ufulu wouzidwa, m'Chichewa chomveka, matenda amene akuganiziridwa, mankhwala amene mwapatsidwa, kamwedwe kake ndi zovuta zimene angabweretse m'thupi. Kufunsa kuti, "Adokotala, mwapeza chiyani? Nanga zikapanda kusintha ndibwerenso liti?" si chipongwe. Wogwira ntchito wodziwa ntchito yake amakondwa nalo funso lotere, chifukwa wodwala womvetsa amamwa mankhwala bwino ndipo sabwereranso ndi matenda omwewo atakula.

Titenge malungo, poti ndiwo amatidzaza m'zipatala nyengo ya dzinja. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo m'zipatala za boma ndi LA, ndipo ndondomeko ya boma imati munthu ayezedwe magazi kaye asanapatsidwe. Kutentha thupi kulikonse si malungo. Mwana akhoza kukhala ndi chibayo kapena matenda ena, n'kumamwa LA masiku atatu chibayocho chikukula. Ngati mwapatsidwa LA osabayidwa chala, funsani chifukwa chake. Ngati zoyezera zatha, akuuzeni kuti zatha, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti komiti ya pachipatala imve.

Asanakuchiteni opaleshoni, kukuikani njira yolera kapena kukuchotsani chiwalo chilichonse, ayenera kukufotokozerani n'kulandira chilolezo chanu. Musasaine kapena kudinda chala papepala limene simunalimve. Pali nthawi zina za ngozi pamene wodwala wakomoka ndipo madokotala ayenera kupulumutsa moyo osadikira, zimenezo n'zomveka. Koma pamene muli maso ndipo mukuzindikira, thupi ndi lanu. Mulinso ndi ufulu wokana chithandizo mutauzidwa zotsatira za kukanako, ndi wopempha kuti wina wodziwa akuoneninso.

Chinsinsi ndi nkhani yaikulu m'midzi mwathu, chifukwa namwino, mlonda ndi wokolopa nthawi zambiri timapemphera nawo mpingo umodzi ndi kugula nawo msika umodzi. Matenda anu sayenera kukambidwa pa msika wa Nsaru kapena pa chitsime. Poyezedwa muyenera kubisika ndi chitseko kapena nsalu. Wogonekedwa ali ndi ufulu wokhala ndi gadiyani. Ndipo wodwala mwakayakaya, monga mwana amene akukomoka, mayi amene akutaya magazi kapena munthu wovulala pa ngozi, sayenera kuima pamzere. Izi tizidziwe ngakhale ife okhala pabenchi, chifukwa nthawi zina oyamba kung'ung'udza kuti "tonse tabwera kale" timakhala ife tomwe.

Buku la kuchipatala ndi lanu, ndipo ndi umboni wanu. Onetsetsani kuti zimene mwachitiridwa zalembedwamo ndi tsiku lake. Lisungeni mu pulasitiki. Tsiku limene padzakhale dandaulo, bukulo ndilo lidzayankhule.

Zaulere ndi zolipira

M'zipatala za boma, monga Kabudula, Nsaru ndi Chitedze, kuonana ndi adokotala, mankhwala amene alipo, katemera, sikelo, kuchira kwa amayi, ma ARV ndi mankhwala a TB ndi zaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti muonedwe msanga, kapena kuti mankhwala atha koma mukamuonera pambali apezeka, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi katangale la 1995 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Ku zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central kuli mbali yolipira, koma imeneyo munthu amasankha yekha, sakakamizidwa. Kulikonse kumene mwapereka ndalama, tengani lisiti.

Dera lathu lino limadalira kwambiri zipatala za mishoni. St Gabriel ku Namitete inayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere achikarmeli ochokera ku Luxembourg, ndipo imalandira odwala a kumadzulo kwa Lilongwe ndi a ku Mchinji. Kulinso Nambuma ndi Likuni. Zipatala zotere zili pansi pa bungwe la CHAM, lomwe limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Zimalipiritsa, ngakhale kuti malipiro a antchito ake ambiri amachokera ku boma. Poona kuti anthu osauka okhala pafupi ndi mishoni ankalephera kulipira pomwe chipatala cha boma chili kutali, kuyambira 2006 boma linayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, amene amadziwika kuti SLA. Pa mgwirizano wotere boma limalipirira chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene, kuti anthu a midzi yozungulira asamalipire.

Anthu ambiri sadziwa za mapanganowa, ndipo wosadziwa salandira. Funsani ku ofesi ya chipatala cha mishoni chimene muli nacho pafupi ngati mgwirizano ulipo chaka chino, ukukhudza chithandizo chiti, ndi midzi iti. Mapanganowa nthawi zina amaima boma likachedwa kulipira ngongole. Zikatero, wolakwa si kalaliki amene wakhala pawindo. Oyenera kufunsidwa ndi khansala, phungu ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe.

Lilongwe ilibe chipatala chachikulu cha boma chonga cha Mchinji kapena Dowa. Odwala athu akatumizidwa amathera ku Bwaila, makamaka amayi, kapena ku Kamuzu Central, yomwe inatsegulidwa mu 1977 ndipo imasenza chigawo chonse chapakati. N'chifukwa chake kuyamba pa chipatala chaching'ono kuli kofunika. Akakutumizani, akupatseni kalata yonena zimene apeza ndi zimene achita kale. Ambulansi ya boma si yolipira. Tonse tikudziwa kuti mafuta amasowa ndipo abale amakakamizika kusonkha kuti apulumutse wodwala wawo. Palibe angawadzudzule. Koma zikachitika zisathere pomwepo ngati zachizolowezi, zilembedwe ndipo zikafike ku khonsolo.

Amayi

Palibe malo pamene ubwino kapena kuipa kwa chipatala kumaonekera ngati m'chipinda chochirira. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa 439. Amayi anamvera uthenga, anasiya azamba a m'midzi amene boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, n'kukhamukira ku zipatala, moti lero ana oposa asanu ndi anayi mwa khumi alionse amabadwira kuchipatala. Mafumu anathandiza kwambiri, makamaka kuyambira 2012 pamene kunabwera ndondomeko ya uchembere wabwino ya Pulezidenti Joyce Banda.

Mayi wachita mbali yake. Wabwera ndi zitenje, beseni ndi pepala lakuda, wagona pa chidikiro milungu yathunthu akudziphikira. Tsopano ngongole ili kwa chipatala. Dziko lathu linavomera ngongoleyi poyera: mu February 2017 mgwirizano wa mayiko wokweza chisamaliro cha amayi ndi ana, wotsogozedwa ndi WHO ndi UNICEF, unakhazikitsidwira mu mzinda wa Lilongwe momwemu. Mayi amene ali pa matenda ayenera kuonedwa pafupipafupi, kumvedwa kugunda kwa mtima wa mwana, ndi kutumizidwa msanga zikavuta. Kumukalipira, kumumenya mbama pantchafu, kumufunsa zachipongwe za mmene anatengera mimba, kapena kumusiya abereke yekha namwino ali mtulo, n'kuphwanya gawo 19 lija. Tisamazitche "ukali wa anamwino" ngati kuti ndi nyengo imene imangobwera yokha.

Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 lili ndi mfundo imene mayi aliyense ndi mtsikana aliyense ayenera kuidziwa. Limalamula wogwira ntchito zaumoyo kupereka njira zolera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya wabwera yekha. Limamulamulanso kufotokoza zonse zofunika kuti munthu asankhe bwino, ndi kulandira chilolezo cholembedwa asanachite kanthu pathupi pake. Wophwanya zimenezi akhoza kulipitsidwa chindapusa ndi kumangidwa zaka zitatu.

Kulimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo ku sikelo n'kwabwino, ndipo abambo a kwathu kuno tichite manyazi ndi kutsalira kwathu. Koma kubweza mayi chifukwa wabwera wopanda mwamuna, pomwe mwamunayo ali ku Joni kapena anakana mimba, n'kulanga wosalakwa. Chimodzimodzi chindapusa cha mafumu kwa mayi amene wachirira pakhomo kapena panjira. Cholinga cha mafumu n'chomveka, koma chindapusacho chisakhale chifukwa chomuletsera mayi kapena khanda lake kulandira chithandizo. Mayi woopa mbuzi ya chindapusa amabisala m'nyumba akutaya magazi, ndipo amene amafa poyamba ndi wosauka.

Mayi akamwalira pa uchembere, ndondomeko ya boma imati imfayo inenedwe ndipo ifufuzidwe kuti padziwike pamene panachedwa: pakhomo, panjira kapena kuchipatala. Abale ali ndi ufulu wofunsa zimene zinachitika. Kufunsako sikuukitsa malemu, koma kukhoza kupulumutsa mayi wotsatira.

Mankhwala ndi komiti ya pachipatala

"Mankhwala atha, mukagule ku famase." Nthawi zambiri mawuwa amakhala oona. Mankhwala a boma amadzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo ndalama zikachepa kapena ndalama zakunja zikasowa, mashelefu amakhala opanda kanthu. Koma n'zoonanso kuti mankhwala ena amatulukira pawindo n'kukapezeka m'magolosale ndi m'misika, mpaka Unduna unakhazikitsa nthambi yofufuza za kuba mankhwala. Wogula LA wa boma pamsika akuthandiza wakuba, ndipo akhoza kumwa mankhwala amene anaonongeka ndi dzuwa. Ogulitsa mankhwala onse ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019.

Kusiyanitsa mankhwala otha ndi mankhwala obedwa ndi ntchito ya komiti yoyang'anira chipatala. Chipatala chaching'ono chilichonse chiyenera kukhala ndi komiti yotere, ya anthu osankhidwa kuchokera m'midzi yozungulira. Galimoto ya mankhwala ikafika, a komiti ayenera kukhalapo, kuwerenga nawo makatoni ndi kusainira zimene zalandiridwa. Amamva madandaulo a anthu n'kukawatula kwa mkulu wa pachipatala, amene ambiri timangoti a inchaji, ndiponso amatengera ku midzi mavuto a antchito. Pansi pake pali makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi alangizi a zaumoyo, amene boma limafuna kuti mmodzi azisamalira anthu 1,000. M'madera akutali alangiziwa amakhala ndi kliniki ya m'mudzi, kumene ana osakwana zaka zisanu amalandira mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba.

Funso ndi lakuti, kodi a komiti ya chipatala chanu mumawadziwa mayina? Anasankhidwa liti, ndipo anasankha ndani? Komiti imene yadzaza abale a mfumu kapena anzake a inchaji, imene imangoonekera pa tsiku la alawansi, ndi chidindo chabe. Muzisankha anthu otha kuwerenga manambala, osaopa kufunsa, ndipo amayi ndi achinyamata akhalemo ochuluka, poti ndiwo amapita kuchipatala kawirikawiri.

Pali njira ina imene tiyenera kuinyadira chifukwa inabadwira kwathu konkuno. Mu 2002 bungwe la CARE linayesa koyamba njira yoti anthu azipereka malikisi ku chipatala chawo, ndipo linayambira m'boma la Lilongwe, pa zipatala za Chileka ndi Nthondo. Kachitidwe kake n'kosavuta. Anthu a m'midzi amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, n'kugwirizana zinthu zofunika kwa iwo: nthawi yotsegulira, kupezeka kwa mankhwala, ulemu wa antchito, ukhondo wa zimbudzi. Chilichonse amachipatsa malikisi ndi kunena chifukwa chake. Antchito a pachipatala nawo amadzipatsa malikisi paokha. Kenako mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo, n'kulemba zoti zichitike, wozichita ndi tsiku lake. Pakapita miyezi amakumananso kuona ngati malikisi akwera. Njirayi inakayesedwanso ku Ntcheu, Unduna unaitenga, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri.

Ubwino wake ndi wakuti sikhala bwalo la milandu. Pamsonkhano wotere anthu amamva koyamba kuti namwino amene amati ndi waulesi wagwira usiku ndi usana yekha sabata yonse, nyumba yake ikudontha, ndipo amabereketsa ndi tochi ya foni magetsi akazima. Namwinonso amamva koyamba kuti mayi amene amati ndi wochedwa anaoloka mtsinje wodzaza. Sipafunika galimoto ya bungwe kuti izi zichitike. Gulupu, komiti ndi a inchaji akagwirizana, bolodi ndi choko n'zokwana.

Kukadandaula

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kudandaulira pamaliro kapena pa WhatsApp kumapepuza mtima koma sikusintha kanthu, ndipo kutchula munthu dzina pa Facebook popanda umboni kukhoza kukubwererani. Makomo oyenera alipo.

Yambani kulemba: tsiku, nthawi, chipinda, dzina kapena maonekedwe a wogwira ntchito, zimene zinanenedwa ndi amene anaona. Kenako pitani kwa a inchaji kapena kwa wapampando wa komiti. Kuyambira 2018 Unduna wa Zaumoyo ndi ofesi ya Ombudsman anakhazikitsa ombudsman wa pachipatala, munthu wolandira madandaulo a odwala, ndipo m'zipatala zambiri nambala yake ya foni imamatidwa pakhoma. Chofooka chake n'chakuti kawirikawiri amakhala wantchito wa pomwepo, ndipo kufufuza mnzako amene umadya naye nsima si chinthu chapafupi. Ngati simukhutira, pitirirani kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, amene timamutchabe DHO, ku ofesi yake ku Bwaila.

Pamwamba pake pali ofesi ya Ombudsman yeniyeniyo, imene gawo 123 la malamulo aakulu limaipatsa mphamvu yofufuza kupanda chilungamo kulikonse, ndipo salipiritsa. Ofesiyi inaonetsa mphamvu zake mu 2019, nthawi ya Martha Chizuma, pamene inatulutsa lipoti la amayi amene anachotsedwa chiberekero chifukwa cha kusasamala m'zipatala za boma. Nkhani ya khalidwe kapena kulakwitsa ntchito kwa dokotala imapita ku Medical Council of Malawi, ya namwino ndi mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mabungwe awiriwa akhoza kumulanda munthu chilolezo chogwirira ntchito. Chiphuphu ndi cha bungwe lothana ndi katangale la ACB, kuba mankhwala ndi kumenya ndi za apolisi, tsankho ndi la Malawi Human Rights Commission. Wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulazidwa apite msanga kwa loya, kapena ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama, chifukwa milandu yotere lamulo limaipatsa zaka zitatu zokha.

Mantha aakulu ndi akuti, "Ndikadandaula, mawa ndikadzadwala adzandiona bwanji?" Mantha amenewa ndi enieni pamene chipatala chili chimodzi dera lonse. N'chifukwa chake kuli bwino kupita awiri kapena atatu, kapena kudzera ku komiti, ku mpingo kapena kwa amfumu. Kumana munthu chithandizo chifukwa anadandaula ndi mlandu wina pawokha, woposa woyambawo.

Mbali yathu

Chikalata cha pakhoma chija chili ndi mbali ziwiri. Wogwira ntchito m'chipatala nayenso ali ndi ufulu wolemekezedwa ndi wogwira ntchito mosaopsezedwa. Kutukwana namwino, kubwera utaledzera, kapena kuphwanya mawindo a chipatala chifukwa cha mphekesera ndi milandu. Mphekesera za opopa magazi ndi za katemera zathawitsa antchito abwino m'madera ena, otsala n'kukhala anthu opanda chipatala.

Udindo wathu ndi kubwera msanga, osati titazungulira kwina konse matenda atakula. Ndi kunena zoona kwa adokotala, kuphatikizapo mankhwala azitsamba amene tamwa. Ndi kumaliza mankhwala osagawana ndi mnansi, kuyamba sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, kugona m'masikito m'malo motchingira dimba, ndi kupereka magazi, chifukwa magazi amene mayi wotaya magazi amafuna sagulidwa kusitolo. Katemera wa malungo anayambira m'dziko muno mu April 2019, dziko loyamba pa dziko lonse lapansi, koma amathandiza mwana yekhayo amene wapititsidwa kukalandira. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, Lilongwe ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo inatikumbutsa kuti chimbudzi ndi madzi otetezedwa pakhomo ndi mbali ya chipatala. Wofuna uphungu asananyamuke akhoza kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011.

Udindo wina ndi wa kwa atsogoleri. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti yawo ku zaumoyo, ndipo Malawi zaka zambiri sakwanitsa. Pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu January 2025, tinaona kuopsa kodalira thumba la mnzako. Kuyambira 1998 mphamvu zambiri zinatsitsidwira ku makhonsolo, ndiye kuti nyumba ya namwino, mjigo wa pachipatala kapena denga la chidikiro zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku ya dera (ADC), mpaka ku khonsolo ya Lilongwe. Zosalembedwa m'mapulani amenewa sizipatsidwa ndalama, choncho misonkhano ya VDC si yongosiyira mafumu.

Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Nzika iliyonse ikhoza kufunsa khonsolo kuti chipatala chakuti chinapatsidwa ndalama zingati chaka chino, chiyenera kukhala ndi anamwino angati ndipo alipo angati, kapena kuti mgwirizano wa SLA ndi mishoni yakuti ukuti chiyani. Kalata yake ndi yaifupi: dzina lanu, kumene mungapezeke, ndi chimene mukufuna kudziwa. Wosatha kulemba akhoza kunena pakamwa, wa mu ofesi n'kumulembera. Sungani kope lokhala ndi chidindo cha tsiku limene mwapereka. Yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo likapanda kubwera, nkhaniyo mukaitule ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.